Tsiku limene Bellevue sinaponye mpira ndi kamodzi komwe

Pa 4 September 2004, anyamata a timu ya mpira wa ku America ya sekondale ya De La Salle, ya ku Concord m'chigawo cha California, analowa m'bwalo la Qwest Field ku Seattle atapambana magemu 151 mondondozana. Chigonjereni mu December 1991, panalibe timu inawagwedezapo. Ambiri mwa osewera a tsikulo anali asanayambe n'komwe sukulu pomwe timu yawo inkalawa kugonja komaliza, ndipo dzina la kochi wawo, Bob Ladouceur, linali pakamwa pa aliyense wotsatira mpira wa ku America.

Gemu inayamba momwe anthu ankayembekezera. De La Salle inatenga mpira n'kuuyendetsa pang'onopang'ono mpaka touchdown, chigoli chofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo. Kenako mpira unapita kwa eni dera, sekondale ya Bellevue ya kochi Butch Goncharoff. Pa sewero lawo loyamba lenilenilo, mnyamata wina anangoti balamanthu kuseri kwa chigulu, mpira uli m'khwapa, n'kuliyatsa liwiro mayadi oposa 70 mpaka kukagoletsa. Kuyambira pamenepo zinali zomwezo zokhazokha: quarterback, yemwe amalandira mpira poyamba sewero n'kuugawa, kufulatira difensi, anthu atatu kudutsana kumbuyo kwake aliyense atawerama, manja pamimba ngati ndiye wanyamula mpira, osewera a De La Salle n'kumagwetsa munthu wopanda kanthu mwini mpira atadutsa kale. Gemu inatha 39 kwa 20.

Kuti mbiri ya De La Salle idzaduka tsiku lina, aliyense ankadziwa. Chomwe sichichoka m'mutu ndi kadukidwe kake. Bellevue sinaponye mpira ndi kamodzi komwe. Mayadi oposa 400 omwe inapeza tsikulo onse anali a miyendo, ndi kaseweredwe ka Wing-T komwe ambiri ankati n'kachikale, kopita ndi nthawi. De La Salle nayonso sinali ya zamakono: zaka zonsezo inkakwapula anzake ndi veer, kaseweredwe ka m'ma 1960 ka masewero ochepa obwerezabwereza.

Ine ndimaima apa. Kaseweredwe kachilendo kamapambana ku sekondale chifukwa adani alibe nthawi yokaphunzira, pamene eni ake akabwereza mpaka miyendo ikuchita yokha. Koma chilendo chilipo cha mitundu iwiri, china chotsamira pa mapazi a ana, china chotsamira pa mpata wa m'buku la malamulo, ndipo ziwirizi sizikhalitsa mofanana.

## Masiku anayi okha

Timu ya ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, imagula osewera. Kochi wa ku koleji amayenda dziko lonse kusaka. Wa sekondale ya boma amangolandira ana a m'deralo, basi. Chaka china apeza mnyamata woponya bwino, zaka zingapo zotsatira osamupezanso wotero. Pamzere wakutsogolo, pomwe NFL imaimika zimphona za makilogalamu 140, iye ali ndi ana a makilogalamu 80 kapena 85, ndipo Lachisanu akukumana ndi sukulu ya ana ochuluka kuposa yake. Kuuza mwana wotere kuti akankhane ndi chimphona maso ndi maso n'kumulakwira.

Koma nawo a mbali inayo ali ndi vuto lawo. Magemu amaseweredwa Lachisanu madzulo. Kumapeto kwa sabata makochi amaonera vidiyo, Lolemba mpaka Lachinayi ndi training ya maola awiri kapena kupitirira pang'ono ana akaweruka, ndipo ya Lachinayi imakhala yongopepuka. Matimu ambiri masiku ano amasewera spread, olandira mpira atamwazikana bwalo lonse, quarterback ataima patali ndi center, wa pakati pa mzere amene amamupatsa mpira. Difensi yonse imamangidwira zimenezo. Ndiye sabata ina kukubwera Wing-T.

Pokonzekera, kochi amatenga ana a pabenchi, kuwaonetsa makadi ojambulapo mivi, n'kuwauza kuti ayerekeze adaniwo. Anawa masewerowo awaona Lolemba lomwelo. Amachita mochedwa, mpira ukuonekera poyera, guard, woima pambali pa center, akupunthwa pa phazi la mnzakeyo. Difensi imawagwira mosavuta, aliyense n'kupita kwawo mtima uli m'malo. Lachisanu akukumana ndi zomwezo pa liwiro lake lenileni, kuchokera kwa ana omwe azibwereza chilowereni sekondale. Kota yoyamba imatha akadasakasaka mpira, chikhalirecho kota ya ku sekondale ndi mphindi 12 zokha.

## Kaimidwe

Pa osewera 11, oima kumbuyo kwa mzere sangapose anayi. Wing-T imawaika motere. Pamzere pali center, ma guard awiri, ma tackle awiri, tight end kumanja, ndi split end patali kumanzere. Quarterback manja ali pansi pa center. Fullback ali kumbuyo kwake, zidendene pa mayadi anayi kuchokera pa mpira. Halfback ali pambali pa fullback, kuseri kwa tackle wakumanzere. Wingback, mwini dzina la kaseweredweka, amaima yadi imodzi kunja kwa tight end ndi yadi imodzi m'mbuyo.

Pakati pa osewera a pamzere pamasiyidwa mpata wa mapazi awiri kapena cha pomwepo. Kanthu kena kamene oonera sakaona: ma guard ndi ma tackle amabwerera m'mbuyo mpaka polekezera lamulo, chipewa chingofika pa chiuno cha center. Kamtunda kameneko ndi komwe kamapatsa guard danga lochokera pamalo pake asanagundidwe.

Zonsezi zinakhwimira ku University of Delaware, komwe David Nelson anafika mu 1951, kenako Tubby Raymond n'kutsogolera timu kuyambira 1966 mpaka 2001, napambana magemu 300. Kumeneko n'komwe kunachokera manambala atatu omwe makochi a sekondale akuitanirabe masewero mpaka lero. Yoyamba ndi kaimidwe, yachiwiri ndi banja la masewero, yachitatu ndi bowo lomwe mpira udutse, kuwerenga 1 mpaka 9 kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mwana akamva 121 wadziwa kale poima, njira yake, ndi munthu wake.

## Buck sweep, phazi ndi phazi

Sewero lomwe lanyamula Wing-T yonse ndi 121 imeneyi, buck sweep yopita kumanja. Ambiri amaiyesa mpikisano wothamangira kumzere wa m'mbali mwa bwalo. Cholinga chake chenicheni ndi kutsegula kanjira pafupi ndi pomwe wingback anaima, khoma mkati, khoma kunja.

Khoma lamkati amamanga anthu atatu: tackle, tight end ndi wingback akumanja. Palibe amene amalimbana ndi munthu woima naye maso ndi maso. Aliyense amatsikira mkati, kukamenya cham'mbali mdani amene ali kumanzere kwake. Lamulo lomwe ana amaloweza ndi la mawu atatu, gap, down, backer. Ngati mu mpata wa mkati mwako muli munthu, ndi wako. Ngati mulibe, tenga amene waima pa mnzako wamkati. Ngati palibenso, kwera ukapeze linebacker, mdani woima kuseri kwa mzere wa difensi. Phazi loyamba ndi lamkati, lalifupi, lotsata mzere. Womenya ndi phewa, osati chipewa, ndipo mutu uzikhala kutsogolo kwa mdaniyo kuti asabowole. Apa ndi pomwe mwana wa makilogalamu 80 amasunthira wa 110, poti munthu amene maso ali kutsogolo akagundidwa m'nthiti, kulemera kwake sikumuthandiza.

Khoma lakunja ndi ntchito ya guard wakumanja. Amachoka pamalo pake, zomwe makochi amati pull: kuponya chigongono chakumanja m'mbuyo, kutembenuka, kutsika yadi imodzi kapena ziwiri kuti alambalale anzake omwe akutsikira mkati, kenako kubwerera cha kumzere n'kukamenya mdani woyamba kuonekera kunja kwa wingback, kumukankhira kunja komweko. Guard wakumanzere naye amachoka kulondola mnzakeyo, koma akafika pa kanjira kaja amakhotera kutsogolo, maso kumanzere, kukatsekereza linebacker amene akuthamangira kumeneko.

Tsono ma guard onse awiri achoka, pakati patsala mabowo awiri. Lakumanja amatseka center. Lakumanzere amatseka fullback, amene amathamangira pa phazi lakumanzere la center atapinda manja ngati walandira mpira. Akugwira ntchito ziwiri pakamodzi: kutseka bowolo, ndi kuimitsa ma linebacker kwa kamphindi.

Quarterback akangolandira mpira amafulatira mzere, mpira atauphatika pamimba, zigongono zili mkati. Amaponda mapazi awiri molunjika m'mbuyo, kumusiyira fullback njira, n'kupereka mpira kwa halfback amene akudutsa kuchokera kumanzere. Akapereka sacheuka. Amaika manja pachiuno n'kuthamangira kumanzere ndi mphamvu zake zonse ngati mpira akadali nawo.

Halfback amathamanga motsata mzere, osakwera osatsika, mpaka ataona guard woyamba akugunda munthu wake. Pamenepo amaponda phazi lakumanja n'kukhota kamodzin'kamodzi kulunjika kutsogolo, pakati pa makoma awiri aja.

Zolakwika zake n'zodziwika, ndipo zimabwerabwera chaka ndi chaka. Halfback waliwiro, amene anazolowera kupitirira anzake ali wamng'ono, safuna kukhota. Amathawira kunja, n'kukagwera m'manja mwa munthu yemwe guard wamukankhira komweko. Wingback kawirikawiri ndi wochepa thupi, ndipo akachita mantha ndi defensive end, mdani wa kumapeto kwa mzere, n'kuchedwetsa phazi loyamba, end uja amabowola, kugunda guard wachiwiri, sewero n'kufera mayadi atatu kumbuyo kwa mzere. Chopweteka kwambiri kuchiona pa vidiyo ndi quarterback woima kuonerera mnzake akuthamanga. Akatero, defensive end wakumanzere alibenso chomuopsa, amalondola halfback cham'mbuyo n'kumugwira kanjira katatseguka bwinobwino.

Kanthu kenanso ka bwalo. Ku sekondale timizere ta hash, tosonyeza malire a poika mpira poyamba sewero, timagawa bwalo patatu mofanana, gawo lililonse pafupifupi mayadi 18, kusiyana ndi ku NFL komwe tili pafupi kwambiri ndi pakati. Mpira ukakhala pa hash yakumanja, kumanjako kumakhala kothina. Poti buck sweep siifuna malo ambiri, ndi nzeru kuika wingback kothinako, gawo lalikulu la bwalo n'kulisungira quarterback.

## Abale ake awiri

Buck sweep payokha ingagwidwe. Mphamvu yake ili pa abale ake awiri, omwe mapazi oyamba a anthu a kumbuyo amafanana nayo ndendende.

Woyamba ndi trap, 124. Defensive tackle wakumanja, mdani wa mkatikati mwa mzere wa difensi, akatopa ndi kugundidwa m'nthiti, amayamba kubowola mothamanga. Ndiye mumamusiya dala osamutchinga. Amalowa akusekerera, guard wakumanzere n'kumupeza cham'mbali, ndipo fullback uja amene wakhala akunamizira nthawi yonseyi ulendo uno mpira ali nawodi, akudutsa pomwe tackle wachoka. Ma linebacker atengeka kale ndi halfback. Pano guard satsika m'mbuyo ngati pa sweep. Amadutsa mokhudza matako a center, molowera mumzere, kuti apeze mdaniyo kuchokera mkati. Akatsika kwambiri amamupeza kunja, n'kumukankhira m'njira ya fullback.

Wachiwiri ndi waggle. Halfback akupita kumanja manja pamimba, koma mpira watsala ndi quarterback, ndipo ma guard ulendo uno alowera kumanzere kukamuteteza. Split end amapita kutali. Fullback amabowola pakati n'kutulukira kumanzere pa mayadi asanu. Tight end amadutsa bwalo mopingasa pa mayadi 10 kapena 12. Quarterback amayamba wayang'ana wakutali, kenako apafupi, ndipo kutsogolo kwake kukakhala udzu wokhawokha, athamange yekha. Safunika mkono wa chimphona. Mipira yake yambiri ndi yaifupi, yopita kwa munthu amene difensi yamuiwala.

N'chifukwa chake kochi wa Wing-T saitana masewero mwachisawawa. Sewero likatha amafunsa wothandiza wake amene wakhala pamwamba funso limodzi: wagwetsa ndani? Akakhala tackle wobowola, trap. Akakhala end wakumanzere wolondola cham'mbuyo, kapena safety, wa kumbuyo kwenikweni kwa difensi, amene wathamangira sweep msanga, waggle. Mdani aliyense wapatsidwa ntchito ziwiri zomwe sangazigwire nthawi imodzi, ndipo yomwe wasankha ndiyo ikuuza kochi choitana.

## Pomwe imathyokera

Makochi a difensi odziwa ntchito amauza ma linebacker awo kuti asiye kuyang'ana mpira ndi anthu a kumbuyo, ayang'ane ma guard. Pa sweep ma guard amapita komwe kuli mpira, pa waggle chimodzimodzi. Ndi malangizo abwino, kungoti mwana wa zaka 16 akaona halfback akuthamanga, maso amamuthawa okha. Akapezeka odziletsa, kochi wa Wing-T amakhala ndi sewero limodzi lomwe guard amanamiza, kuthamangira kumanja mpira n'kudutsa pabowo lomwe wasiya. Kamodzi kapena kawiri pa gemu n'kokwanira kubwezeretsa chikaiko.

Njira ina ndi kupha kanjira kaja. Mdani wofunika kukankhidwira kunja salola. Amathamangira guard, kumugunda phewa lamkati, onse awiri n'kuunjikana pomwe halfback amafuna kukhotera. Mpira umakakamizika kupita kunja, komwe safety akudikira. Yankho lake lilipo: guard amuzungulire n'kumutsekera mkati, halfback apitirire kunja. Koma awiriwa ayenera kuona chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo timu yomwe sinaziyeserere imaima mutu.

Mdani wamkulu ndi wotchi. Timu yodya mayadi anayi kapena asanu pa sewero siitha kuthamangitsa adani omwe atsogola ndi ma touchdown atatu mu kota yomaliza. Chilango cha mayadi khumi chokha chimapha ulendo wonse, poti m'buku lawo muli masewero ochepa opezera mayadi 20 pakamodzi. Mpira wodutsa m'manja ambiri umapulumukanso, makamaka mvula ikagwa.

Palinso makolo. Bambo amene akufuna mwana wake aonedwe ndi makochi a ku koleji sakondwa kuona quarterback akuponya kanayi gemu yonse. Dandaulo limeneli si lopanda pake, ndipo kochi woona mtima amalivomereza: Wing-T imakomera timu kuposa momwe imakomera mwana mmodzi waluso.

## Kuthinana kwa Markham

Kochi Don Markham anatenga ganizo lomwelo n'kulifinya. Mu double wing yake mulibe mpata ndi umodzi womwe pamzere, phazi la wina likukhudza la mnzake. Ma tight end ndi awiri, ma wingback awiri, fullback wabisala pafupi kwambiri kuseri kwa quarterback moti difensi siimuona bwino. Anthu 11 onse akwana m'kadera kochepa pakati pa bwalo.

Sewero lake lalikulu ndi toss. Wingback wakumanzere amayamba kuyenda mpira usanaperekedwe, quarterback amamuponyera kampira kofewa cham'mbuyo, n'kutembenuka kukatchinga nawo. Fullback amakankhira end kunja. Guard ndi tackle akumanzere onse amachoka kukalowa pabowo lomwelo. Pamalo amodzi pafika anthu anayi owonjezera, wonyamula mpira ali pambuyo pawo, dzanja pamsana pa tackle. Ndiye pali wedge, pomwe mzere wonse umaphatikiza mapewa pa center n'kukankhira kutsogolo ngati ng'ombe zolimbirana chipata cha khola m'mawa, fullback atamira pakati.

Mu 1994 sekondale ya Bloomington ku California, Markham ali kochi, inagoletsa mapointi 880 pa magemu 14, pafupifupi 63 pa gemu iliyonse. Masamu ake ndi osavuta. Pamafunika mayadi khumi pa ma down anayi, kutanthauza masewero anayi, kuti timu ipitirize kukhala ndi mpira. Timu yomwe yatsimikiza kugwiritsa ntchito onse anayi ikungofuna mayadi awiri ndi theka pa sewero. Chomwe chimaiphetsa ndi adani odzigwetsa pansi dala pa miyendo ya mzere, kuti ochoka aja apunthwe asanafike pabowo.

## Mpata wa m'malamulo

Mu 2007, ku sekondale ya Piedmont pafupi ndi Oakland, kochi Kurt Bryan ndi mnzake Steve Humphries analinso ndi vuto lomweli la ana ochepa ndi ochepa thupi. Iwo yankho lawo analipeza m'buku la malamulo la NFHS, bungwe lolemba malamulo omwe zigawo zambiri zimatsata pa masewera a sekondale.

Lamulo linkati pamzere pakhale anthu osachepera asanu ovala manambala 50 mpaka 79, ndipo ovala manambalawa saloledwa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo. Zimenezi zimathandiza difensi ndi oyimbira kudziwa msanga woyenera kumuyang'anira. Koma panali kupatula kumodzi, kopangira punt, komwe ndi kumenyera adani mpira kutali ndi phazi: wolandira mpira kwa center akaima mayadi asanu ndi awiri kapena kuposerapo m'mbuyo, lamulo la manambala linkachoka, kuti timu ilowetse ana aliwiro popanda kusinthana majezi. Palibe pomwe panalembedwa kuti mpirawo umenyedwedi.

Bryan ndi Humphries anangoimika quarterback pa mayadi asanu ndi awiri pa sewero lililonse, ana onse 11 atavala manambala ololedwa kulandira. Analitcha A-11. Pakati pankaima atatu, center ndi awiri m'mbali mwake. Atatu ankapita kutali kumanja, atatu kutali kumanzere, ma quarterback awiri kumbuyo. Ololedwa kulandira anali asanube monga mwa nthawi zonse, koma asanu ake ati? Zinkadziwika mphindi yomaliza, ena akasendera pamzere ena n'kutsala m'mbuyo, onse n'kuima chilili kwa sekondi imodzi monga lamulo likufunira. Difensi inali ndi sekondi imeneyo yowerengera amene ali kumapeto kwa mzere ndi amene waphimbidwa ndi mnzake.

Piedmont inagonja magemu awiri oyamba, kenako n'kupambana asanu ndi awiri otsatizana. Zofooka zake zinaliponso: otchinga pakati ndi atatu okha, choncho mpira uyenera kuchoka m'manja msanga, ndipo pofuna yadi imodzi yokha pafupi ndi golo, anthu omwazikana bwalo lonse sakankha kanthu. Zigawo zina zinaliletsa msanga, ndipo mu February 2009 NFHS inatseka mpatawo. Ufulu wosintha manambala a mzere wonse unachotsedwa pa ma down atatu oyamba.

Ndimawamvera chisoni a Piedmont, chifukwa ankafunira ana awo mwayi, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Komabe ndikuona kuti NFHS inachita bwino. Wing-T imabisa mpira, ndipo mwana wodziletsa akhoza kuupeza poyang'ana pamalo oyenera. A-11 inkabisa chinthu chomwe manambala anaikidwira kuti chioneke, n'kusenzetsa oyimbira ochepa, ambiri mwa iwo anthu a ntchito zina masana, katundu wowerengera ana 11 m'sekondi imodzi. Makochi omwe anathera miyezi akuphunzitsa A-11 anadzuka tsiku lina buku lawo latha ntchito, chifukwa cha voti ya pamsonkhano.

## Kochi wokana punt

Kevin Kelley, yemwe anali kochi wa sekondale ya Pulaski Academy, ku Little Rock m'chigawo cha Arkansas, chilendo chake sichinali pa kaimidwe koma pa zosankha. Anasiyiratu punt pafupifupi kotheratu, ngakhale mpira uli pafupi ndi golo lake, ndipo akagoletsa ankamenya onside kick, kumenya mpira pafupi kuti timu yake iutolenso, pafupifupi nthawi zonse. Ku sekondale mpira umamenyedwa kuchokera pa mzere wa mayadi 40, ndipo ukayenda mayadi khumi aliyense akhoza kuutola. Ikakanika, adani amayambira cha pakati pa bwalo. Koma poti ana ambiri a sekondale mwendo wawo sufikitsa mpira kumapeto, kumenya kwachizolowezi nako kumabwezedwa mtunda ndithu. Wataya mayadi ochepa, wagula mwayi wosapatsa adani mpira n'komwe.

Mu 2011, pokumana ndi sekondale ya Cabot, Pulaski inatsogola 29 kwa 0 a Cabot asanachite sewero lawo ndi limodzi lomwe. Kelley anatenga ukatswiri wa chigawo kasanu ndi kanayi. Malamulo anamuthinitsako: kuyambira 2014 mbali iliyonse ya womenya mpira payenera kukhala anthu osachepera anayi, ndipo mu 2017 analetsa kumenyetsa mpira pansi kuti unjanjire m'mwamba. Atapita ku Presbyterian College mu 2021 anapambana magemu awiri, kugonja asanu ndi anayi, n'kuchoka sizoni itatha. Kuona kwanga, masamu ake ankadalira zinthu ziwiri za ku sekondale: adani osakonzekera mokwanira, ndi timu yake yomwe inkapezadi mayadi pa down yachinayi.

## Kusankha ma guard

Kochi wofuna kuyamba Wing-T asatenge buku lonse la Delaware. Chaka choyamba akhazikike pa banja limodzi, sweep, trap ndi waggle, kumanja ndi kumanzere. Amenewo ndi masewero asanu ndi limodzi, ndipo enawo adikire. Ayale chingwe kapena paipi pansi, adindepo malo a munthu aliyense wa pamzere kuti mipata isamasinthe. Tsiku lililonse ana aponde phazi loyamba lokha n'kuima, iye ayendere mmodzimmodzi kuona komwe chala chaloza ndi komwe maso ali, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. A kumbuyo aphunzire kuti wonamizira amathamanga mayadi khumi ngakhale palibe womuthamangitsa, ndipo akagwetsedwa ali wopanda mpira ayamikiridwe pamaso pa anzake, poti wachotsa mdani mmodzi pa sewerolo.

Chovuta koposa ndi kupeza ma guard. Chizolowezi ndi kuika ana onenepa kwambiri pamenepo, ndipo Wing-T imafera pomwepo, chifukwa guard wochedwa amafika halfback atadutsa kale. Wofunika ndi mwana wothamanga, wokonda kugunda, wamtundu wa fullback kapena linebacker, ngakhale akhale wa makilogalamu 75. Ana akuluakulu apite pa tackle, komwe ntchito ndi kutsikira mkati mapazi awiri basi.

Ndiye kuti kochi ayenera kuitana mnyamata amene wakhala akunyamula mpira chiyambireni, amuvule nambala 32, amuveke ya m'ma 60, amuuze kuti mpira saukhudzanso. Mwanayo sakondwa, ndipo bambo ake abwera kudzafunsa. Mawu okoma sathandiza kwenikweni pamenepo. Chothandiza ndi kuwakhazika pansi onse awiri, kuwaonetsa vidiyo ya timu ya Wing-T yosewera bwino, n'kuwapempha kuti asayang'ane wonyamula mpira koma aziwerenga kuti pa kuthamanga kulikonse kopitirira mayadi khumi, kutsogolo kwake kunali ndani.